Lekani kuseka Vitz

Anyamata ena m'tauni muno ali ndi kamasewera kawo: amaika Nissan GT-R pambali pa Toyota Vitz yakale, n'kuyamba kufa nalo phwete. Ine zimenezi zanditopetsa. Ndani anatsutsapo kuti GT-R imathamanga? Pamene inkatuluka ku Japan mu 2007 inabwera ndi injini ya malita 3.8, ma turbo awiri ndi mphamvu ya akavalo 480, ndipo imapyola makilomita 300 pa ola. Vitz yoyamba, ya mu 1999, ili ndi kainjini ka lita imodzi, akavalo 70 basi. Kuzipikisanitsa pa liwiro n'chimodzimodzi kuika njovu ndi mbuzi pasikelo kuti tione cholemera.

Koma liwirolo, akuluakulu, mukalitulutsira pati? Nyamukani m'mawa ku Lilongwe kulowera ku Blantyre mumsewu wa M1. Musanafike n'komwe ku Dedza mwakumana kale ndi akabaza, ngolo, mbuzi, ana a sukulu ndi chithiraki chokwawa pachitunda. Pa Lizulu tsiku la msika ogulitsa mbatatesi ndi kabichi amafika m'mphepete mwenimweni mwa phula. Apolisi nawo ali pakona ndi kamera yawo. GT-R, yomwe mimba yake ili pafupi kukhudza pansi, ikaona hampu imadutsa chopingasa, pang'onopang'ono ngati mkwatibwi polowa m'tchalitchi. Dzenje limodzi la nthawi ya dzinja, limu yapindika. Vitz imangoti gubudu, ulendo n'kupitirira, ndipo kumbuyo muli thumba la chimanga ndi apongozi.

Ndiye pali nkhani ya mafuta. Tonse tagonapo pamzere wa petulo zaka zapitazi. Pamzere paja akavalo 480 sathandiza kanthu, ndi pakamwa 480 pofuna kumwa. Malita khumi amene mwalimbirana usiku wonse, mwini Vitz ayendera masiku angapo kupita kuntchito ndi kukatula ana kusukulu.

Galimoto ikawonongeka ndiye musanene. Chipangizo cha Vitz mukachipeza ku Ndirande kapena ku Malangalanga dzuwa lisanalowe, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo amaidziwa ngati khasu lake. Giyabokosi ya GT-R ikafa, muitanitse kunja, mulipire ndi madola amene kubanki akuvuta, kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Miyezi ikupita, galimoto ili pamiyala, nkhuku zikuikira pansi pake.

Ndalama ndi zanu, gulani chimene mtima wafuna. Kulira kwa injini ija nanenso kumandisangalatsa, sindinama. Chimene ndikukana n'chipongwe. Namwino, mphunzitsi kapena mayi wa geni amene anasunga zaka kuti aitanitse kagalimoto kake kudzera ku Dar es Salaam anawerengera bwino msewu, thumba ndi mafuta. Inu amene mukumuseka, ambiri mwa inu GT-R munangoiona pafoni, ndipo madzulo ano muima pasiteji kukweza dzanja kuti Vitz yomweyo ikutengeni.