ZA M'MAKOMBONI: Lole ya Waya ya Malemu Atate

Sabata ino ndapatuka pang'ono pa nkhani za madzi ndi ngalande za m'makomboni mwathu, kuti ndikuuzeni za kanthu kamene kanatsala pang'ono kundiyambanitsa ndi mwana wanga wa zaka 10.

Atate anamwalira caka catha ku Matero. Pamene tinali kugawa katundu wao, pansi pa thilanki yacitsulo tinapeza lole ya waya ndi ngolo yace, zokulungidwa m'thumba lakale la ufa. Lole inali yofiira ndi dzimbiri, mawilo atatu panalibe, ndipo malegeni omangira anali kuyoyoka tikawakhudza. Acibale ena anati ikatayidwe kudzala. Koma azakhali, mlongo wao wa atate, anailanda naiika pamiyendo pao, ndipo anatiuza mbiri yace.

Pa 11 Novembala 1965, Ian Smith analengeza ufulu wacinyengo wa azungu a ku Rhodesia. Dziko lathu linali ndi caka cimodzi cabe ca ufulu, ndipo mafuta ndi katundu wambiri zinali kudzera kum'mwera. Mafuta atayamba kusowa, Boma linatembenukira ku doko la Dar es Salaam. Mu 1966 maboma a Zambia ndi Tanzania, pamodzi ndi kampani ya ku Italy, anakhazikitsa Zambia-Tanzania Road Services, imene inali ndi malole a Fiat okoka ngolo. Popita anali kunyamula mkuwa, pobwera mafuta ndi katundu wina. Mseu wa Great North Road, wodzera ku Kapiri Mposhi, Serenje, Mpika, Isoka ndi Nakonde, unali wafumbi m'malo ambiri, ndipo nthawi ya dzinja unali kusanduka thope. Kaamba ka ngozi zace unachedwa Hell Run, ndiko kuti ulendo wa ku Gehena. Zinthu zinapepuka pamene paipi ya mafuta ya Tazama inafika ku Ndola mu 1968, ndiponso pamene njanji ya Tazara inaperekedwa kwa maiko awiriwa mu 1976.

Agogo, atate wao wa atate, anali mmodzi wa oyendetsa malole pa mseu umenewo. Anali kutha masabata osaoneka pakhomo. Azakhali akuti mu 1968 atate, ali ndi zaka 10, anapanga lole imeneyi potsanzira ya agogo, ndipo madzulo ali onse anali kuiyendetsa kufika pa mphambano, kukaona ngati agogo ali kubwera.

Masiku amenewo zidole za ku Ulaya, monga Dinky ndi Matchbox, zinali za ana a anthu a ndalama. Mwana wa m'komboni fakitale yace inali pansi pa mtengo wa mango, ndipo zipangizo zace zinali waya wotola, zitini za polishi wa nsapato, zotsekera mabotolo ndi cubu cakutha ca njinga. Lero fakitale ya Dinky ku Liverpool kulibe, inatsekedwa mu 1979, koma lole ya atate ikalipo.

Poyamba ndinapita nayo kwa mmisiri wina wooca zitsulo pa mseu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga. Iye anaitembenuza kawiri nandibwezera, nati moto wa makina ace ungadye waya woonda coteroyo m'kamphindi. Anandilangiza kuti cinthu comangidwa ndi manja cikonzedwe ndi manja. Uphungu umenewo sanandilipiritse, ndipo ndiupereka kwa inu ulere.

Tisanamasule kanthu tinaijambula mbali zonse, kuti tisaiwale mmene inaliri. Kenaka tinacotsa malegeni ndi mawilo, ndi kuviika mafupa ace a waya mu viniga usiku umodzi. M'mawa tinakwecha ndi sitiliwulo, tinatsuka ndi madzi osungunuliramo soda kuti ukali wa viniga uthe, ndipo tinayanika pa dzuwa. Pomaliza tinapaka mafuta pang'ono a makina osokera, pakuti citsulo cosapakidwa kanthu cicita dzimbiri msanga. Waya wokalamba suwongoledwa mwaukali. Ndinathyola mtanda umodzi wa kutsogolo kaamba ka liuma, ndipo pamenepo ndinakumbukira kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Pothyokapo tinaikapo kacidutswa kena m'mbali mwace ndi kukulunga ndi waya woonda wa mkuwa. Malegeni atsopano tinadula ku cubu ca njinga, ndipo zitini za polishi tinapempha kwa opukuta nsapato a mu tauni.

Pokonza mpamene ndinaona nzeru za mnyamata uja wa zaka 10. Lole ili ndi mphumi wosalala wopanda mphuno, monga Fiat ya agogo. Mtanda wa mawilo a kutsogolo umazungulira pa kamsomali, ndipo walumikizidwa ku waya wautali wofika m'ciuno mwa mwana, kumene kuli ciwongolero. Ngolo nayo ili ndi mawilo a kutsogolo okhota paokha, kotero kuti pokhota itsata m'mapazi mwa lole osagubuduka. Palibe mphunzitsi amene anamuonetsa zimenezi pa bolodi. Anagona pansi pa lole yeniyeni nayang'ana.

Mkangano unabuka nchito itatha. Mwana wanga anafuna kupaka penti wowala, kuika nyali za batire ndi mawilo a pulasitiki a kagalimoto kace kakufa kogula ku Kamwala. Ine ndinakana kwamtuwagalu. Ndinamuuza kuti ngakhale osonkhanitsa zidole zakale ku Ulaya amalipira ndalama zambiri pa cidole cosasinthidwa koposa copakidwa penti watsopano, ndi kuti lole ya agogo ace idzakhala m'kabati ya magalasi. Iye anandifunsa mwaulemu kuti, "Nanga atate, lole yosayenda ndi lole?" Masiku awiri sanaikhudze konse.

Mlanduwo tinapita nao kwa azakhali. Iwo sanayankhe msanga, koma anandiuza kuti ndiyang'anitsitse ngolo. Nditatero ndinaona cimene ndinaciphonya pokwecha: m'ngolomo muli waya wa mitundu itatu. Atate anaitalikitsa kawiri, ndipo anaonjezapo zipupa kuti azinyamuliramo makala a amai ao kucokera ku msika. Azakhali anati, "Mwananga, atate ako sanapangire kabati cinthu ici. Ukacitsekera, waika maliro kaciwiri."

Cotero tinagawana. Lole yatsala monga anaisiyira atate, yopanda penti ndi nyali. Ngolo ndi ya mdzukulu wao. Waipaka mitundu ya mbendera yathu, waika tinyali tiwiri kumbuyo, ndipo walemba dzina la agogo ace m'mbali. Lamulo ndi limodzi cabe: asadule waya wakale, ndipo ciri conse cimene aonjeza cikhale cotheka kumasula. Loweruka lapitali anaiyendetsa m'mseu womwe uja wa ku Matero, ndipo ana oposa khumi anasiya mafoni a makolo ao namtsata. Pofika madzulo atatu a iwo anali atayamba kale kupinda waya wao.

Kwa makolo a ku Kanyama, Chawama, Mtendere ndi George ndinena zinthu zitatu. Coyamba, musafulumire kutaya zimene mupeza m'mathilanki a akuluakulu musanafunse mbiri yace, pakuti odziwa mbiriyo ali kutha. Caciwiri, mwana akalasidwa ndi waya wotola pansi, tsukani bala ndi sopo ndipo mupite naye ku kiliniki, cifukwa tizilombo ta kafumbata tikhala m'dothi. Cacitatu, funsani kumene waya wacokera. Waya wa magetsi a Zesco ndi wa mpanda wa sukulu ndi cuma ca dziko, ndipo wa magetsi umapha. Zotsala kwa amisiri zikwanira.

Lero magalimoto a waya tiwaona pa malo monga Kabwata Cultural Village, kumene alendo ocokera kunja awagula ndi kupita nao kwao. Zimenezo nzabwino, koma zingakhale zomvetsa manyazi ngati mwana wa ku Lusaka adzayamba kuona galimoto ya waya m'manja mwa mlendo. Dziko lifuna amakaniko ndi mainjiniya, ndipo akulu anati m'mera mpoyamba. Mpatseni mwana pulayala ndi waya, ndipo mukhale naye pansi.

Tionane sabata ya mawa.