Lendi ya kambendera kamodzi

Ku England kuli banja limene limalipira lendi ndi kansalu. Chaka chilichonse mwezi wa Ogasiti, a banja la Marlborough amatumiza kambendera ka mafumu akale a ku France kunyumba yachifumu ya Windsor, basi lendi ya malo amene pali chinyumba cha Blenheim, ku Woodstock, yatha. Inu amene mumabisalirana ndi alandilodi mwezi ukatha, ndikudziwa kuti mitima yawawa kale. Komatu kansaluko si nthabwala.

Pa 13 Ogasiti 1704, John Churchill, kholo la banja la Marlborough, anatsogolera asilikali a England ndi anzawo n'kugonjetsa a France pankhondo ya Blenheim. Mfumukazi Anne inamuthokoza pomupatsa malo a Woodstock, ndipo mu 1705 ntchito yomanga chinyumba chija inayamba, boma likuponyapo ndalama zankhaninkhani. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Anne sanataye malo aja, anangoikiza. Kambendera kakafika ku Windsor, banjali limakhala likuvomera pamaso pa onse kuti ulemu wake uli ndi mwini, ndipo mfumu nayo imakumbutsidwa kuti mpando wake unatetezedwa ndi magazi a ena. Nyumbayi sanaimangire tulo. Ngakhale Sarah, mkazi wa John, ankakangana ndi mmisiri John Vanbrugh pankhani yomweyi: mayiyo ankafuna nyumba yokhalamo, mmisiriyo akumanga chikumbutso cha dziko. Anakokanakokana mpaka Vanbrugh anaisiya ntchitoyo mu 1716.

Alipo amene amati zonsezi ndi zachikale, ndipo Blenheim lero ndi bizinesi chabe. Zoona, kuyambira mu 1950 alendo amalipira pakhomo kuti akaone m'kati, eni ake atadzipanikiza mbali imodzi. Mu 2019 mbava zinazulamo chimbudzi chagolide chimene chinaikidwa pachionetsero, n'kusiya madzi ali ponseponse. Ulemu wake uti pamenepo? Koma taonani kumene boma la Britain limathamangira likafuna kuti mlendo achite nalo mantha pang'ono. Mu Julaye 2018 Theresa May, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, anakadyera kumeneko ndi mtsogoleri wa America, Donald Trump. Mu Julaye 2024 Keir Starmer, nayenso ali nduna yaikulu, anasonkhanitsa komweko atsogoleri a ku Ulaya oposa 40. Kodi ku London mahotela anatha? Ayi ndithu. Hotela ili ndi mipando yofewa, koma ilibe kachipinda kamene Winston Churchill anabadwiramo mu 1874. Ndalama za pakhomo zija zimakonza denga kuti mwambo ukhale ndi pochitikira.

Dandaulo lokhala ndi mutu ndi lakuti mwana amangobadwira m'chuma chotere osakhetsa thukuta. Limenelo n'lomveka, koma mankhwala ake ndi msonkho. Kuthetsa mwambo sikumupatsa wosauka nyumba, kumangomasula wolemera uja kungongole yokhayo imene amaivomera poyera.

Apa ndiye pamene amanditopetsera anzathu ofunsa kuti, "Nanga zimenezi timadya?" Funsoli amalifunsa pamene mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anyamuka kupita ku Mkaika, ku Katete, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Amawerengetsera mafuta a galimoto ndi mtengo wa mphatso, osaona kuti mfumu imene imagwadiridwa kwawo tsiku limenelo nayo imagwada, anthu ake akuona. Ofunsawo sindinawamvepo akudandaula ndi za kwa Azungu. Zimenezo amazionera pa TV kukamwa kuli yasa. Ngati kambendera ka ku Windsor mumakapatsa ulemu, a ku Mkaika asiyeni apite.