KAFUKUFUKU ATSOGOLE, NJERWA ZIBWERE PAMBUYO

Makolo adati safunsa adadya phula. Mawu ameneŵa ayenera kukumbukiridwa ndi aliyense amene ali ndi udindo wovomereza mapulani a zipatala, makamaka akuluakulu a boma ku Capital Hill. Chipatala chikamangidwa molakwika chimakhala chomwecho kwa zaka zambirimbiri, ndipo amene amavutika nacho ndi odwala pamodzi ndi anamwino.

Chitsanzo choonekeratu ndi chifuwa chachikulu cha TB. Tizilombo ta nthendayi timauluka mumpweya wodwala akatsokomola, ndipo timakhalitsa m'chipinda chotsekeka. Motero munthu amene wabwera kudzatsukitsa bala akhoza kubwerera kwawo atatenga chifuwa, chifukwa chodikira dokotala m'chipinda chopanda mazenera okwanira.

Nkhaniyi si yongoganizira ayi. M'chaka cha 2007 akatswiri adafalitsa zimene adapeza atayeza mpweya m'zipatala 8 za mumzinda wa Lima, m'dziko la Peru. M'zipinda zakale, za denga lalitali ndi mazenera aakulu, mpweya unkasinthika ka 40 pa ola limodzi zitseko ndi mazenera zikatsekulidwa. M'zipinda zamakono unkasinthika ka 17 kokha. Nyumba yakale idaposa yatsopano chifukwa cha kamangidwe basi.

Mzinda wa Lilongwe uli ndi umboni wakewake. Pa chipatala cha Bwaila ku Old Town, chimene kale chinkatchedwa Bottom, padatsekulidwa Martin Preuss Centre m'chaka cha 2006, kuti odwala TB ndi amene ali ndi kachilombo ka HIV azithandizidwa pamalo amodzi. Podziŵa kuti munthu wa HIV sachedwa kudwala chifuwa chachikulu, okonza mapulani adaika malo odikirira poyera, podutsa mphepo. Nzeru imeneyi sidalira ndalama zambiri. Idalira kuyamba kwadziŵa mmene nthenda imafalikira.

N'zachisoni kuti ena amayesa kuti chitukuko ndicho nyumba ya magalasi osatsekuka ndi makina oziziritsa mpweya, monga maofesi ena a ku City Centre kapena nyumba zina za ku Area 10 ndi Area 43. Ofesi imalandira anthu oŵerengeka, pamene chipatala chimalandira khamu la anthu otsokomola. Magetsi akazima makina amaima, koma zenera limagwirabe ntchito yake usana ndi usiku.

Tsono nkofunika kuti pulani iliyonse ya chipatala isasainidwe mafunso aŵa asanayankhidwe: Kodi padzafika odwala angati pa tsiku? Kodi mphepo imachokera mbali iti? Kodi otsokomola adzadikira kuti? Nanga odikirira odwala, amene amaphika ndi kuchapa, adzagona pati? Mayankho ake ali m'mabuku a kaundula a zipatala, m'zofufuza za madokotala, ndiponso pakamwa pa anamwino amene amagwira ntchito usiku m'mawodi. Chipatalacho chikatsekulidwa, akatswiri abwererekonso kukayeza, kuti cholakwa chimodzi chisabwerezedwe m'maboma onse.

Atsogoleri a m'madera ndi ogwira ntchito m'boma asakhutire ndi kukongola kwa chithunzi cha nyumba, kapena ndi mwambo woika mwala wa maziko. Afunse umboni pamene pulani ikadali papepala, pakuti kufufuta mzere wa pensulo n'kosavuta, koma kugumula khoma n'kuwononga ndalama za misonkho ya anthu. Mmera mpoyamba.