Chipewa cha Chilembwe ku London

Kuyambira mu Seputembala 2022 mpaka 2024, aliyense wodutsa pa Trafalgar Square ku London ankakweza maso n'kuona John Chilembwe ataima pamwamba, chipewa chili kumutu, manja ali kumbuyo. Pafupi naye panali mmishonale John Chorley, wamng'ono ngati mwana wake. Wosema chiboliboli chimenechi, Samson Kambalu, adachitcha Antelope, ndipo adachitengera pa chithunzi cha 1914 chojambulidwa pa tchalitchi chatsopano cha Chilembwe ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Pachithunzipo amuna awiriwo sasiyana msinkhu chotere. Kambalu adamukuza dala Chilembwe, ndipo ine ndikuti adachita bwino.

Chiboliboli chimakhala ndi mbali imene chikuikira kumbuyo, ngakhale chitaoneka chachete bwanji. Pabwalo lomwelo pali George IV atakwera hatchi, komanso Henry Havelock, mkulu wa asilikali amene adathandiza kupondereza kuukira kwa amwenye mu 1857. Amene adawaimika pamenepo adasankha kale woyenera kumuyang'ana chokweza khosi. Ndiye wina akamati Kambalu wapotoza mbiri, ayambe watiuza chiboliboli chimene chidasemedwa popanda wosankha. Chosiyana n'chakuti Kambalu sadabise dzanja lake: ngakhale mwana aona kuti kukulako n'kwadala, n'kufunsa chifukwa.

Mphamvu yeniyeni ili pa chipewacho. M'masiku a Nyasaland munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu, apo ayi ankatha kulawa chikoti. Tsono mbusa wakuda kuima pambali pa mzungu, chipewa chili chikhalire, kunali kunena zambiri osatsegula pakamwa. Ife tidazolowera nkhope ya Chilembwe pa ndalama, mpaka timaipinda m'thumba osaiyang'ana. Chiboliboli chimabweza thupi lonse, kaimidwe ndi zovala, zimene ndalama idadula.

Chotsutsa cholemera chilipo. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe, poukira atsamunda, adapha mzungu William Jervis Livingstone ku Magomero n'kumudula mutu, ndipo chibolibolicho sichionetsa magaziwo. Sichionetsanso thangata la m'minda ya A. L. Bruce, kapena tchalitchi chimene boma la atsamunda lidagumula kuukirako kutatha, kapena anthu amene adanyongedwa. Mwala ndi chitsulo zimagwira mphindi imodzi yokha, ndipo wosemayo adasankha ya 1914, zinthu zisanafike poipa, pamene chimene munthuyo ankafuna chinali ulemu basi. Zotsalazo ndi ntchito ya aphunzitsi ndi mabuku, ndipo angaziphunzitse bwino kwa munthu amene wayamba kale kufunsa.

Ena amati malo a chibolibolicho anali ku Chiradzulu, osati ku London. Koma a ku Chiradzulu amamudziwa kale Chilembwe, amakumbuka tsiku lake pa 15 Januwale chaka chilichonse. Osamudziwa anali a mumzinda umene unkatumiza abwanamkubwa ku Zomba.