Kodi chithunzi tizichikonza mpaka pati?



Sabata yatha mmodzi mwa ophunzira anga akale, amene pano amajambula pa maukwati, ananditumizira chithunzi cha phiri la Mulanje. Pansi pake analemba kuti, "Aphunzitsi, taonani HDR." Ndinachiyang'ana kwa nthawi ndithu. Mitambo inali yakuda bii, tiyi wa m'munsi mwa phiri wobiriwira ngati wapakidwa penti, ndipo m'mphepete mwa phirilo munali kamzere kowala. Phiri limeneli ndinalikwerapo kawiri, koma la pachithunzipo sindinalizindikire.

Kwa amene simukudziwa, nkhani yake ili motere. Diso la munthu limatha kuona za pamthunzi ndi za padzuwa pafupifupi nthawi imodzi, pamene kamera imalephera. Ikaonetsa bwino thambo, nkhope zimada. Ikaonetsa nkhope, thambo limangoyera mbuu. Ndiye pa HDR kamera imajambula katatu kapena kupitirira apo, china chakuda, china chapakati, china chowala, kenako kompyuta kapena foni imaziphatikiza kukhala chimodzi. Nzeruyi si yachilendo. M'ma 1850, Gustave Le Gray wa ku France ankajambula nyanja payokha, thambo palokha, n'kuziphatikiza. Mu 2010 Apple inaika HDR mu iPhone, ndipo lero mafoni ambiri amachita zimenezi osatifunsa n'komwe.

Musandimve molakwa, sindikudana nayo. M'kabati mwanga muli chithunzi cha Fomu 4 ina, chimene tinajambulitsa pansi pa mtengo wa mango dzuwa lili paliwombo. Mayunifomu akuoneka, koma nkhope zonse ndi mdima. Awiri mwa ana amenewo anatisiya, ndipo ndikafuna kuwakumbuka ndimangoloza mthunzi. HDR ikanakhalapo, bwenzi ndikuwaona lero. Pamenepo makinawo akanangondibwezera zimene diso langa linaona.

Vuto limayamba wojambula akafuna kuposa zimene anaona. Zili ngati kuchonga chimangirizo. Ndikakonza kalembedwe ka mawu ndi zizindikiro za m'kalembedwe, ntchito ikadali ya mwana. Koma ndikayamba kusintha maganizo ake ndi kuikamo ziganizo zanga, ngakhale chikome bwanji, chimangirizocho si chakenso. Muyeso wanga pa zithunzi ndi womwewo: munthu amene analipo tsikulo akachiona, anene kuti, "Eya, kunalidi chonchi." Akayamba kufunsa kuti kumeneku n'kuti, mchere wachuluka m'ndiwo.

Atolankhani nawo nkhaniyi imawavuta. Mu 2015, pa mpikisano wa World Press Photo, zithunzi 20 pa 100 zilizonse zimene zinatsala pang'ono kufika kumapeto zinachotsedwa chifukwa chokonzedwa mopitirira malamulo. Enatu amati chithunzi ndi luso, munthu achite zimene akufuna. Ndikuvomera, ngati n'chopachika pakhoma ndipo mwini wake akunena poyera kuti wachikongoletsa. Koma chithunzi cha ukwati kapena cha kalasi ndi mboni, ndipo zidzukulu zidzachikhulupirira.

Pali chinanso chimene chimandipweteka. Mithunzi ikawalitsidwa mopitirira, khungu lakuda limatuwa ngati munthu wadzola phulusa. Ndaonapo mkwatibwi amene mayi ake omubereka anachita kufunsa kuti ali pachithunziyo ndani. Wojambula anati wamukongoletsa. Ine ndimati wamulanda nkhope yake.

Mwana wanga uja ndinamuyankha kuti anditumizire chithunzi chija asanachikonze. Chinabwera madzulo omwewo. Thambo linali lotuwa pang'ono, tiyi wa mtundu wake weniweni, ndipo pakona panali mayi atasenza nkhuni, amene poyamba sindinawaone chifukwa cha mitambo ija. Ndamuuza kuti awalitse pang'ono pamene pali mayiwo, kwinako asakhudze.