Kwacha idagwa, koma mtengo wa nyumba papepala la inshuwalansi udakali wakale

Mvula yoyamba ikamayandikira, mphepo yamkuntho ndiyo imatsogola, ndipo m'madera a Mitundu ndi Nathenje, kumwera kwa Lilongwe, si zachilendo kuona denga litasasuka n'kukatera m'munda wa mnansi. Ena mwa abale athu akunyanja ali ndi nyumba kumeneko. Ena adakhazikikako chifukwa cha malonda apamsika wa Mitundu, ena adamanga m'mphepete mwa msewu wa M1 pa Nathenje ndi ndalama zotumiza ana awo a ku Joni. Owerengeka mwa iwo adaika nyumba zawo pa inshuwalansi, makamaka amene adamanga ndi ngongole yakubanki, poti banki siikongoza popanda zimenezi. Amenewa ndiwo tikulankhula nawo, pamodzi ndi achibale amene adathandizapo pomanga.

Tikudziwa kuti maulama ambiri amaikayikira inshuwalansi yamasiku onse chifukwa cha riba ndi kusadziwika kwa zimene munthu adzalandire, ndipo n'chifukwa chake kudabadwa takaful, yomwe idayamba ku Sudan mu 1979. Nkhani imeneyo ili ndi tsiku lake. Koma amene adasaina kale pangano, mwakufuna kapena mokakamizika, ayenera kudziwa zomwe adasainazo.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi mtengo wolembedwa papepala. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo simenti, malata ndi matabwa zidakwera motsatira. Komatu mtengo wa nyumba m'pangano susintha wokha. Mapangano ambiri ali ndi ndime yonena kuti ngati nyumba idalembedwa pamtengo wochepera mtengo wake weniweni, kampani idzalipira gawo chabe la zowonongeka. Tiyerekeze kuti nyumba idalembedwa K20 miliyoni, pomwe kuimanganso lero kungadye K40 miliyoni. Mphepo yaononga denga, ndipo kukonza kukufuna K10 miliyoni. Mwininyumba amayembekeza kulandira yonse, poti K10 miliyoni siyikufika n'komwe pa K20 miliyoni. Kampani imayankha kuti inu mudateteza theka la nyumba, choncho landirani K5 miliyoni, ndipo pamenepo ichotsaponso kagawo kamene pangano limati mwininyumba adzilipirire yekha. Munthu amalira kuti wamubera, chonsecho ndimeyo idalipo kuyambira tsiku losaina. Ife tikuti makampani ndi maejenti awo ali ndi udindo wofotokoza ndime imeneyi m'Chichewa kapena m'Chiyao chomveka chaka chilichonse pokonzanso pangano, osangotumiza uthenga wapafoni wokumbutsa kulipira. Naye mwininyumba afunse mmisiri mtengo womangira lero, aukweze papepalapo mvula isadagwe.

China ndi kunena zoona. Inshuwalansi imayima pa kuulula zonse zofunika. Ngati mudalembetsa kuti ndi nyumba yogonamo, koma chipinda chimodzi mwadzazamo mabelo a fodya podikira msika wa ku Kanengo, kapena mukusungamo zigubu za petulo nthawi ya kusowa kwa mafuta, moto ukabuka kampani ili ndi poyambira kukana. Pamenepa lamulo la dziko ndi chiphunzitso chathu zikugwirizana, ndipo sitingamuikire kumbuyo wobisa.

Ngozi ikagwa, dziwitsani kampani msanga, chifukwa pangano limaika malire a masiku. Jambulani zithunzi musadayambe kukonza, sungani malisiti, ndipo ngati ndi moto kapena umbava, katengeni lipoti kupolisi. Kampani idzatumiza munthu wodzawerengera zowonongeka. Mulandireni mwaulemu, koma kumbukirani kuti wamutuma ndi kampani, ndipo palibe chokuletsani kupeza mmisiri wanu wolemba mtengo wake. Musasaine kalata yovomera kuti nkhani yatha ngati ndalamayo simukukhutira nayo, ngakhale mabanja ambiri amasaina chifukwa ana akugona pamtetete.

Akakukanani, pemphani zifukwa zolembedwa, zotchula ndime imene atsamirapo, ndipo dandaulo lanu loyamba lipite kukampani komweko, nalonso lolembedwa. Zikakanika, malamulo a 2010 oyendetsera inshuwalansi ndi ntchito zachuma adaika makampaniwa pansi pa Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a anthu wamba. Bwalo lamilandu nalonso ndi lotseguka, ndipo wosowa ndalama ya loya akhoza kukagogoda ku Legal Aid Bureau.

Tikupempha makomiti amizikiti ya ku Mitundu ndi Nathenje kuti Lachisanu lina, ikatha Jumu'ah, aitane eninyumba abwere ndi mapepala awo, ndipo achinyamata odziwa Chingerezi awawerengere ndime ndi ndime, kuyambira pamene palembedwa mtengo wa nyumba ndi tsiku lomwe panganolo lithere.