Chifukwa Chake Mpeni Uchedwa

Mwezi uno tikambe za nthenda imene ambiri aibisa chifukwa cha manyazi, ndiyo khansa ya m'thumbo lotsiriza, momwe chimbudzi chiima chisanatuluke. Ife a kuno ku Mangochi, poona magazi m'chimbudzi, tifulumira kunena kuti ndi likodzo kapena kamwazi. Koma magaziwo akapitirira munthu atamwa kale mankhwala, thupi nilimka lionda, apite kuchipatala cha boma, kumene angamtumize ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Chotupa chikapezeka chitakula ndi kulowerera m'mnofu wozungulira, chisanafalikire kutali, madokotala sathamangira opaleshoni. Ayamba achitentha ndi cheza cha makina, Lolemba kufikira Lachisanu, kwa masabata 5 kapena 6, wodwala akulandiranso mankhwala amene afooketsa chotupacho kuti chezacho chigwire bwino. Pambuyo pake apumula ngati miyezi iwiri, chotupa chikuphwa, ndipo pamenepo dokotala achidula. Mlimi wanzeru ayamba wasosa ndi kutentha zinyalala asanagwire khasu.

Kumeneku sikunyalanyaza wodwala ai. M'chaka cha 2004 madokotala a ku Germany analengeza zimene anapeza mwa odwala oposa 800: mwa 100 amene anatenthedwa asanadulidwe, nthenda inabwerera pamalo pomwepo mwa 6 pa zaka zisanu, koma mwa otenthedwa atadulidwa kale inabwerera mwa 13.

Kale makina otere kunalibe m'dziko muno, ndipo odwala owerengeka okha ankatumizidwa ku Zambia, Tanzania ndi India. M'chaka cha 2024 anayamba kugwira ntchito pa chipatala cholipira ku Blantyre, ndipo mu 2025 boma linatsegula chipatala cha khansa pa Kamuzu Central ku Lilongwe.

Tsono chenjerani ndi msampha uwu: magazi akaleka, mtima unyenga munthu kuti wachira, nabwerera kumudzi asanadulidwe. Dokotala yekha, atapima, ndiye anganene zotero. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Popeza ulendo wa ku Lilongwe ngwautali, ife a mu mphakati tisonkhe ndalama za galimoto, tisankhe womdikirira, timlimire munda, timuitanire Bambo Mfumu asananyamuke. Mutu umodzi susenza denga. Ambuye akusungeni nonse.